Sopo ndi Mandimu a Fadila

Chaka choyamba cha ukwati, Swaibu akamabwera kokapikula nsomba kunyanja ya Chiuta sankalephera kumugulira Fadila kanthu, ngakhale kachibangili ka pulasitiki. Anthu a pa Nsanama ankati banja koma limeneli.

Kenako Fadila anayamba vuto lochititsa manyazi kulitchula: chikazi chotuwa, cha fungo loipa. Chinkatha chokha, n'kubweranso akangomaliza msambo. Iye anachita zimene anankungwi anamulangiza, kutsuka m'kati ndi sopo ndi mandimu kuti mwamuna asanyansidwe. Koma akamatsuka kwambiri, fungo nalo linkakula.

Swaibu anayamba kugona chofulatira. Tsiku lina anafunsa, "Matenda amenewa mwawatenga kwa ndani?"

Fadila analumbira mpaka misozi, koma nsanje ilibe makutu.

Poopa maso a anthu omudziwa, anayamba kupita mwakachetechete kuchipatala cha ku Balaka. Elliam, wakabaza wa njinga yamoto, ndiye ankamufikitsa ku Liwonde kokwerera minibasi. Sanamufunsepo komwe ankapita. Ankangopukuta mpando ndi chipewa chake, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mabampu. Tinthu ngati timeneti mtima wosweka suiwala.

Tsiku lomva zotsatira za kuyezedwa kwake, namwino anamulankhula motsitsa mawu. Anati vutolo si umboni wa chigololo. Limadza tizilombo tabwino toteteza mkazi tikachepa, ndipo sopo ndi mandimu n'zimene zimapha tizilomboti. Limathanso kubwerera ngakhale munthu atamwa mankhwala. Fadila anatuluka mtima uli m'malo, akufulumira kuti akauze mwamuna wake.

Koma miseche inali itafika kale. A Lukiya, mlongo wake wa Swaibu, anali atamunong'oneza kuti mkazi wake sasintha njinga, amangokwera ya Elliam. Swaibu anawadikira awiriwo pamsewu, mpeni wotumbulira nsomba uli m'thumba.

"Ndi ameneyu eti?"

"Iyayi bambo, tamvani kaye zimene anena kuchipatala," anatero Fadila.

Swaibu sanamve, anangosolola mpeni uja. Elliam anagwa asanazimitse n'komwe njinga, ndipo sanadzukenso.

Mawu a namwino aja Swaibu anakawamvera m'khoti, oweruza asanamulamule kukhala m'ndende moyo wake wonse. Akumutulutsa m'khotimo, anafunsa mkazi wake chifukwa chimene sanamuuzire.

"Ndinkabwera kudzakuuzani," anatero Fadila motsitsa. "Ngakhale sopo uja, ndinkatsukira inu."

Nsanje imaweruza isanafunse. Ikanaleza mtima pang'ono pokha, Elliam bwenzi lero akupukutabe mpando wake ndi chipewa.