Foni Imene Inkadula Moni wa Mervis

Mervis anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Domasi, kufupi ndi Malosa. Kwawo anali ana atatu. Woyamba anali Kenny. Wachiwiri anali Christobel. Mervis ndiye anali wotsiriza.

Mervis ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kumva Ababa ake akutchula dzina lake.

Ababa anali ku Joni. Ankagwira ntchito pa famu ya malalanje. Anachoka Mervis ali ndi zaka zitatu. Nkhope yawo Mervis ankaionera pa chithunzi. Koma mawu awo anali atawaiwala.

Tsiku lina, m'chaka cha 1997, kunabwera katoni. Anatumiza ndi Ababa. M'katonimo munali foni yoyera. Inali ndi mabatani ambirimbiri. Inali ndi kanyali kofiira. Munalinso kabuku ka Chingerezi ndi kalata.

Amayi anali namwino. Nyumba yawo inali ndi magetsi. Anthu a mafoni anali atakoka kale waya mpaka pabalaza. Chinatsala n'kulumikiza basi.

Amayi anaitana Amalume a Yoswa. Amalume anali achimwene awo a Amayi, ndipo ankakhala pafupi. Iwo ankati palibe makina amene angawavute. Wailesi ya Amayi anaikonzapo tsiku lina. Mpaka lero sinalankhulenso.

Amalume anavala magalasi. Anatsegula kabuku kaja. Analumikiza chingwe chimodzi ku waya wa foni. Analumikiza china ku magetsi. Kanyali kofiira kanayaka.

"Foni iyi imayankha yokha," anatero Amalume. "Mukachokapo, imasunga mawu a munthu amene waimba. Mukabwera, mumadina apa, n'kumva."

"Nanga munthuyo adziwa bwanji kuti tachokapo?" anafunsa Amayi.

"Timuuza," anatero Amalume.

Anadina batani lina la kumanja osalisiya. Anakhosomola. Kenaka analankhula ndi mawu aakulu ngati a pa maliro. "Kuno ndi kwa a Stephano. Tachokapo. Siyani uthenga." Stephano linali dzina la Ababa.

Mervis anali chiimire pafupi, maso ali pa chala cha Amalume.

Amayi anafunditsa foni ija kansalu koluka. "Ana inu, ichi si chidole," anatero. "Wokhudza aona."

Kenaka Amayi anawerenga kalata ija. Ababa analemba kuti aziimba Lamulungu lililonse m'mawa. Lole ya pa famu inkapita m'tauni tsiku lokhalo. Foni yoti aimbire inali m'tauni momwemo.

Koma Lamulungu m'mawa onse ankakhala ku tchalitchi.

Lamulungu loyamba linafika. Atatuluka m'tchalitchi, Mervis anathamanga. Anathamanga mpaka nsapato imodzi inavuka. Anafika pakhomo ali wefuwefu. Anadikira Amayi kuti atsegule chitseko.

Kanyali kofiira kankaphethira. Pambali pake panaoneka nambala 1.

Onse anakhala pansi. Amalume anadina batani. M'fonimo munamveka mawu a bambo.

"Alamu a Yoswa, muli bwanji?"

Ababa anadikira pang'ono. Munthu akapereka moni, amadikira yankho.

"Ndili bwino, kaya inu alamu," anayankha Amalume, akuwerama kuyang'ana foni.

"Amake Kenny, muli bwanji? Mutu uja unasiya?"

Ababa anadikiranso. Amayi anagwira pakamwa.

"Kenny, uli bwanji? Sukulu ikuyenda?"

Ababa anadikira.

"Christobel, uli bwanji mwana wanga?"

Mervis anatchera khutu. Tsopano inali nthawi yake. Anasendera pafupi.

Tiii!

Foni inadula. Mawu a Ababa anathera pomwepo.

"Nanga ine?" anafunsa Mervis.

Amalume anayang'ana m'kabuku. "Makinawa amasunga mphindi imodzi yokha," anatero. "Mphindi ikatha, amadula."

"Sabata yamawa akutchula," anatero Amayi.

Moni suyambira kumunsi. Amayamba akulu, ana pambuyo. Ababa analeredwa bwino, ndipo mwambo umenewu ankaudziwa. Foni yokha ndi imene sinkaudziwa.

Lamulungu lachiwiri linafika. Kanyali kankaphethira.

"Alamu a Yoswa, muli bwanji?" Ababa anadikira.

"Amake Kenny, muli bwanji? Mvula yayamba?" Ababa anadikira.

"Kenny, uli bwanji?" Ababa anadikira.

"Christobel, uli bwanji?"

Tiii!

Mervis anatuluka panja. Anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala.

Lamulungu lachitatu linafika. Kanyali kankaphethira.

Ababa anapereka moni kwa Amalume. Anapereka moni kwa Amayi. Anafika pa Kenny.

"Kenny, uli bwanji? Nanga mbuzi zija zili bwanji? Yakuda ija inaswa?"

Tiii!

Kenny anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mervis, ngakhale mbuzi zakuposa," anatero.

Kenny pakamwa pake panalibe chitseko. Mawu amenewo anamupweteka kwambiri Mervis. Tsiku limenelo sanadye.

Madzulo anapita kwa Amayi. "Amayi, Lamulungu nditsale. Foni ikalira ndiyankhe ndekha."

"Ayi," anatero Amayi. "Sitijomba ku tchalitchi chifukwa cha foni."

"Ndiye muwauze Ababa kuti foni ikumadula."

"Ndiwalembera kalata."

Mervis ankadziwa za makalata a ku Joni. Ankayenda mwezi wathunthu. Ena ankasochera m'njira.

Anapita kwa Amalume. "Amalume, foni ija singawonjezere mphindi ina?"

"Iwe, usatitayitse nthawi," anatero Amalume. "Moni wa akulu ako ndi wako womwe."

Koma Mervis sankafuna moni wa Kenny. Sankafuna moni wa Christobel. Ankafuna wake. Mumtima mwake munalowa funso loipa. Kodi n'kutheka kuti Ababa anaiwala dzina lake?

Amayi ankakonda mauthenga atatu aja. Akaweruka ku ntchito, ankavula nsapato. Ankakhala pafupi ndi foni. Ankadina batani n'kumvera Ababa akunena kuti, "Amake Kenny, muli bwanji?" Tsiku lililonse ankayankha chapansipansi kuti, "Ndili bwino."

Loweruka Amayi anapita ku msika wa pa Songani. Christobel anapita nawo. Kenny anali kodyetsa mbuzi. Mervis anatsala yekha.

Analowa pabalaza. Anachotsa kansalu koluka.

Anakumbukira chala cha Amalume. Chinadina batani la kumanja osalisiya. Koma kumanjako kunali mabatani awiri. Onse anali ofanana. Mawu olembedwa pansi pake anali a Chingerezi.

Mervis anadina loyamba osalisiya.

M'fonimo munalankhula mayi wina m'Chingerezi. Mervis sanamve kanthu. Kenaka anayang'ana nambala ija. Panali 3. Tsopano panali 0.

Anadina batani lomvera mauthenga. Zii. Anadinanso. Zii. Mawu a Ababa anali atafufutika onse.

Mervis anachita mantha. Anafuna kuthawa. Koma akathawa, mawu a Ababa abwerera? Madzi akatayika saoleka.

Anapukuta misozi ndi diresi lake. Anadina batani lachiwiri osalisiya. Foni inalira pang'ono. Mervis anayandikitsa pakamwa.

"Ababa, ndine Mervis. Ndine wotsiriza uja. Ife tapita ku tchalitchi. Foniyi imadula musanafike pa ine. Kodi dzina langa mukulikumbukira?"

Anasiya batani. Anafunditsanso kansalu kaja. Anakakhala panja.

Amayi anabwera dzuwa litapendeka. Anatula dengu. Anavula nsapato. Anakhala pafupi ndi foni n'kudina batani.

Zii.

Anadinanso. Zii.

"Wakhudza foni ndani?" anafunsa Amayi.

Mervis analowa pang'onopang'ono. Anagwada. "Ndine, Amayi."

Ankadikira chikwapu. Koma Amayi sanamumenye. Sanakalipe n'komwe. Anangoyang'ana nambala 0 ija. Kenaka misozi inatsika m'masaya mwawo.

Mervis anali asanawaonepo Amayi akulira. Bola akanangomukwapula.

"Mawu a abambo ako ndinalibe kwina kowasunga," anatero Amayi. "Wandilanda, Mervis."

"Pepani, Amayi."

Christobel anathamanga kukaitana Amalume. Amalume anabwera ndi magalasi awo. Anatembenuza kabuku uku ndi uku. Anadina apa, anadina apo.

"Zapita," anatero. "Sizibwerera."

Kenaka anadina batani lina. M'fonimo munatuluka kamawu kakang'ono.

"Ababa, ndine Mervis. Ndine wotsiriza uja."

Onse anamvetsera mpaka kumapeto. Kenny anayang'ana pansi.

"Taonani mwana wamwano," anatero Amalume. "Wafufuta mawu anga. Mwana angalangize bambo ake kaperekedwe ka moni? Ndichotsa zimenezi pompano."

Anatambasula chala. Amayi anawagwira dzanja.

"Zisiyeni, achimwene."

"Anthu akaimba aziti pakhomo pano palibe akulu."

"Zisiyeni," anatero Amayi. "Mpaka mawa lokha."

Amayi sanamuyang'ane Mervis. Anatenga dengu n'kupita kukhitchini.

Lamulungu lachinayi linafika. M'tchalitchi Mervis sanaimbe. Ankangoganiza za foni. Mwina Ababa akwiya. Mwina anena kuti, "Mervis ndi ndani?" Mwina saimbanso.

Ulendo uno sanathamange. Anayenda pambuyo pa onse.

Amayi anatsegula chitseko. Kanyali kankaphethira. Panali nambala 1.

Onse anakhala pansi. Mervis anaima pakhomo. Amayi anadina batani.

Poyamba sipanamveke mawu. Kunkangomveka magalimoto a ku Joni. Kenaka kunamveka munthu akupuma.

"Mervis?"

Mervis anagwira chitseko.

"Ndiwe Mervis amene walankhulayu? Wakula chonchi?"

Mawu a Ababa ankanjenjemera.

"Mervis, uli bwanji mwana wanga?"

Ababa anadikira.

"Yankha," ananong'ona Christobel.

Mervis anayandikira. Anagwada patsogolo pa foni. "Ndili bwino, kaya inu Ababa," anatero.

"Dzina lako ndingaliiwale bwanji? Ndinakupatsa ndine. Lamulungu lililonse ndimakutchula, Mervis. Ndimati ukundimva. Sindimadziwa kuti makinawo amakhala atadula. Undikhululukire, mwana wanga. Chaka chino sinditha kubwera. Koma ndimakuganizira tsiku lililonse."

Ababa anakhosomola.

"Amake Kenny, muli..."

Tiii!

Foni inadula.

Amalume sanalandire moni. Kenny sanalandire moni. Christobel sanalandire moni. Amayi anali atatsegula kale pakamwa kuti ayankhe. Anatseka.

Kenaka anatembenuka n'kumuyang'ana Mervis.

"Kodi zimawawa chonchi?" anafunsa Amayi.

"Eya, Amayi."

"Masabata atatu onse aja?"

"Eya."

"Bwera kuno."

Mervis anapita. Amayi anamukweza pamiyendo pawo, ngakhale anali wamkulu. Anamukumbatira mwamphamvu.

"Amayi," anatero Mervis, "batani lija ndikulidziwa tsopano. Ndi lachiwiri. Ndiwauza Ababa kuti sabata yamawa ayambe ndi inu."

Amayi anaseka, misozi ili m'maso. Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Za sabata yamawa tiziona," anatero Amayi. "Lero ndi lako. Dina timvenso."

Mervis anatambasula chala chake. Anadina batani. Kunamveka magalimoto a ku Joni. Kunamveka munthu akupuma.

"Mervis?"

"Wawa, Ababa," anayankha Mervis. "Ndili pano."