Mayi Wachitatu

Loko anamuthyola Loweruka masana, Wietske ali kudoko la Skelderhaven kuthandiza amayi ake kugulitsa nsomba. Lolemba m'mawa atabwerera kuchipinda chake ku yunivesite, anapeza chitseko chili yasa. Wailesi inalipo. Jekete lachikopa linalipo. Chimene chinasowa ndi bokosi la matepi makumi atatu, makope ake onse, ndi buku la kafukufuku lotaipa kale. Tsiku lomaliza kupereka linali Lachisanu. Popanda bukulo, digiri panalibe.

Anaimbira foni amayi ake, Mayi Aukje, akulira.

"Wamaliza kulirako?" anatero Mayi Aukje. "Kupolisi wapita?"

"Ndapita. Alemba, basi."

"Ndiye kajambulenso."

"Ndikajambule ndani, amayi? Mayi Jantien tinawaika m'manda mu Febuluwale. Mayi Hiske chidwalire sitiroko salankhula."

Mayi Aukje sukulu analekeza ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Zoti munthu nkutha zaka zinayi akuphunzira zilankhulo, pamene pakamwa ali napo kale, sankazimvetsa. Koma ankadziwa kuti mwanayo anakhala milungu isanu ndi umodzi m'shedi ya padoko, akujambula kalankhulidwe ka amayi otumbula nsomba, mawu akale amene ana a lero sawadziwa. Imeneyo inali ntchito. Ndipo ntchito ya munthu sabera.

Lachitatu Wietske anapita kwa Pulofesa Ten Cate kukapempha masiku ena. Anapeza buku lake lili patebulo, lomatidwa bwino, pachikuto pali dzina la Diederik van Laer, mnzake wa m'kalasi. Anauza Pulofesa kuti bukulo linali lake lobedwa lija.

"Mutu wa kafukufuku ndinakupatsani umodzi nonse awiri," anatero Pulofesa. "Iye wabweretsa buku. Inu mwabweretsa misozi. Mukapitiriza kunamizira anzanu, muchoka pano opanda kanthu."

Lachinayi Mayi Aukje anatseka benchi lawo, koyamba chimwalirire amuna awo. Anakwera sitima ya seveni koloko atanyamula chidebe cha nsomba za mu ayezi ndi mpeni. Atafika kupolisi anachikhazika patebulo la Sajeni Wiersma.

"Mayi, nkhani za mayeso si zathu."

"Loko wothyoka ndi wa ndani? Wa abusa?"

"Tikufufuza."

"Mukufufuza mutakhala pansi. Chabwino, nanenso ndikhala. Ayeziyu asungunuka pofika teni. Zikayamba kununkha musandifunse."

Sajeni anayang'ana chidebe, nayang'ana mayiwo. Anatenga chipewa chake.

Leveni koloko onse anali mu ofesi ya Pulofesa. Diederik anaitanidwa. Analowa atapisa manja m'thumba, tsitsi lopesa bwino, nkugwira mphuno.

"Mayi awa ndi ndaninso? Asandutsa ofesi msika."

"Simukuwadziwa?" anafunsa Sajeni.

"Sindinawaonepo."

"Ayang'anitsitseni."

"Ndati sindinawaonepo, bwana. Ine ndi anthu otere tikumanirana kuti?"

Mayi Aukje anamufulatira. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, atsegulire pamene pali Mayi Wachitatu."

Lamulo la payunivesitepo linali lakuti mayina a anthu ojambulidwa sawalemba m'buku. Amangoti Mayi Woyamba, Mayi Wachiwiri, choncho. Mayina enieni amawadziwa yekhayo amene anapita kukacheza nawo.

Sajeni anawerenga mokweza. "Mayi Wachitatu. Zaka makumi asanu ndi zinayi. Wamasiye. Chala chaching'ono cha kumanzere chinaduka ndi mpeni ali mtsikana."

Mayi Aukje anagoneka dzanja lamanzere pabukupo. Zala zinayi.

"Masamba makumi anayi walemba za ine, mnyamata iwe. Mmene ndimatukwanira, mmene ndimaitanira ogula. Lero ukuti sunandionepo?"

Diederik anayang'ana kwa Pulofesa. "Amayi anali ambiri. Onse anavala mipango. Nkhope sindingazikumbuke zonse."

"Zimenezo zimachitika," anatero Pulofesa.

"Inu bambo khalani chete, nthawi yanu ikubwera. Sajeni, tsamba lachisanu ndi chiwiri."

Sajeni anawerenganso. "Wofufuza anatumbula nawo nsomba tsiku lililonse, chifukwa amayi a m'shedi salankhula ndi munthu amene wangopinda manja."

"Ndi mmene timachitira kwathu," anatero Mayi Aukje. "Ukafuna mawu athu, gwira mpeni. Wofufuza ndi uyu, eti?"

Anakankha mapepala a Pulofesa, natulutsa nsomba imodzi nkuiika pathabwa la tebulo. Mpeni anauika pambali pake.

"Tumbula."

"Ine sindichita masewera amenewa."

"Tumbulani, achimwene," anatero Sajeni. "Milungu isanu ndi umodzi si yochepa."

Diederik anatola mpeni ngati cholembera. Nsomba inamupulumuka nkugwera pansi. Anaitola, nayamba kucheka chakumchira. Anabaya pamimba mwamphamvu, ndulu inaphulika, zamkati zinathovukira pamalaya ake. Anachita kutembenuza nkhope.

"Wietske," anaitana Mayi Aukje.

Mtsikanayo anatenga ina. Mpeni unalowa kukhosi, dzanja linapotoka kamodzi, matumbo ali panja. Sajeni anagwira manja a awiriwo nkuwatembenuza. A Wietske anali ndi timabala toyera paliponse. A Diederik anali osalala ngati a khanda.

"Makiyi a kuchipinda kwanu," anatero Sajeni.

"Bambo anga ndi loya."

"Zili bwino. Muwafuna."

Thu koloko apolisi anapeza bokosi la matepi pansi pa bedi la Diederik, atalikulunga m'thawulo. Tepi iliyonse inali ndi dzina la mayi ndi tsiku, zolembedwa ndi dzanja la Wietske. Makope analinso momwemo, pamodzi ndi chitsulo chothyolera loko. Diederik anati kudoko anapitako kamodzi, fungo linamubweza, ndipo masiku anamuthera. Sajeni anamuveka unyolo pakhonde, anzake a m'kalasi akuonerera pamawindo.

Mayi Aukje sanapite nawo. Anatsala mu ofesi muja, atakhala pampando wa alendo, chidebe chili pakati pa miyendo.

"Komiti ikumana mwezi wamawa," anatero Pulofesa. "Nkhani ya mwana wanu tiiona pamenepo."

"Lero."

"Mayi, pali ndondomeko."

"Wakuba munamulandira Lachiwiri popanda komiti. Mwini wake mukuti adikire mwezi? Mnyamata uja anakupatsani mabuku awiri ofanana. Lina atenga apolisi. Ili ng'ambani chikuto, mulembe dzina la mwana wanga."

"Lolemba, ndiyesetsa."

"Lolemba Lachisanu likhala litadutsa, mukuyesa sindidziwa kuwerenga masiku? Ndatsala ndi nsomba khumi ndi zinayi, ayezi watha, ndipo windo lanuli ndaliona, silitseguka."

Pulofesa anasaina chikalata cholandirira bukulo itangokwana fili koloko. Wietske anawerenga chikalatacho kawiri, nachipinda. Amayi ake anapukuta mpeni pa epuloni, nanyamula chidebe.

"Mwaiwala iyi," anatero Pulofesa, akuloza nsomba yophulika ndulu ija.

"Sindinaiwale. Imeneyo ndiyo ntchito ya mnyamata wanu uja. Ipatseni malikisi."