Anandiuza Kumanzere

Dzuwa linali litalowa kale pamene Evaristo ananyamuka pa mphambano kubwerera kumudzi, m'thumba mwake muli tinsalu tofiira tisanu. Tinsaluto timamangidwa pa mitengo kuti alendo opita ku mabwinja a Amaya, anthu akale a kuno, asasochere m'nkhalango. Iye anali atatimasula tonse.

Nkhani inayambira pa matotiya, timikate topyapyala ta chimanga. Lisandro, mlendo wa ku Argentina amene anayenda yekhayekha miyezi isanu ndi itatu ndi chikwama kumsana, anagona masiku atatu kwa Evaristo. Floridalma, mkazi wa Evaristo, ankaseka nkhani za mlendoyo mpaka nyemba kupserera. Tsono nsanje ya Evaristo tonse timaidziwa: tambala akangoyang'ana Floridalma kawiri, mawa lake ndi ndiwo. Ndiye tsiku lonyamuka, mkaziyo anakulungira mlendo matotiya otentha m'kansalu kopeta mbalame zachikasu, komwe amakulungiramo a mwamuna wake.

"Kansalu chabe, bambo inu! Mukufuna munthu akadye zouma?" anatero Floridalma ataona nkhope ya mwamuna wake.

"Ayi, palibe kanthu. Ndimuperekeza ndine."

Atafika pa mphambano, Evaristo analoza ndi chikwanje. "Kumanzere, achimwene. Madzi muwapeza patsogolopa." Kumanzereko chilimwe kulibe ngakhale dontho, dambo louma lokhalokha, ulendo wa masiku atatu. Mlendo anathokoza n'kupita akuimba mluzu.

Tsopano Evaristo anali yekha, ndipo mtima wake sunazizirebe. Ankangoona mano a Floridalma akuseka. Njira inalowa pakati pa zitunda zimene akale anakwiriramo mafumu awo, pamene ngakhale nyulu zimakana kuima. Anyani amene ankabangula m'mitengo anangoti zii.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Kapu yachitsulo ikugunda pa chikwama. Kumbuyo kwake!

Wabwerera, anaganiza choncho. Wabwerera, akupita kwa Floridalma! Anagwiritsa chikwanje, n'kutembenuza tochi.

Sanali Lisandro. Anali munthu wamtali, wandevu, atabereka chikwama chachikale cha zitsulo zadzimbiri. Milomo yake inali itang'ambika, yakuda bii.

"Bambo, madzi ali patali?"

Evaristo anabwerera m'mbuyo. Munthuyo anapitiriza.

"Anandiuza kumanzere. Bambo aja a chala choduka. Ndayenda... ndayenda..." Munthuyo anapisa dzanja m'malaya, n'kutulutsa kansalu. "Mukawabwezere akazi awo aka. Mukawauze kuti zikomo, anali otentha."

Mbalame zachikasu!

Mantha onse anaphwa, nsanje n'kubwerera pamalo pake. Winanso? Ndi angati kodi amene akuyenda ndi nsalu za m'nyumba mwake? Evaristo anatsomphola kansaluko. Kanali kozizira. Kananunkha dothi. Anakweza maso...

Panalibe munthu. Pa fumbi panali mapazi ake okha.

Ngwe... ngwe... patali, cha ku mphambano.

Anathamanga. Anagwa. Anadzuka, anathamanganso!

Kunyumba anapeza nyali ikuyaka, Floridalma akutonola chimanga ndi apongozi ake, mayi Casimira, amayi a Evaristo. Evaristo anaponya kansaluko pa tebulo akupumira m'mwamba.

"Tandiuza, iwe! Ndi amuna angati amene wawakulungira matotiya?"

"Mwayambanso? Aka si kanga. Taonani ulusi wake, wafwifwa kalekale."

Mayi Casimira anakatola, n'kukabweretsa pafupi ndi nyali.

"Aka ndinapeta ndine, iwe uli m'mimba. Mkazi wakoyu mbalamezi anaphunzira kwa ine. Wakatenga kuti?"

"Munthu wandipatsa pa zitunda paja. Akuti anamulozera njira ndi bambo a chala choduka..." Evaristo anaima pomwepo. Malemu bambo ake chala chinatsala pa chikwanje ali mnyamata.

"Mlendo ameneyo anali wa ku Chile," anatero mayi Casimira chapansipansi. "Ankayenda yekha. Ndinangoseka nkhani zake, basi, ndinangoseka! Bambo ako anati amuperekeze. Patatha chaka, alenje anapeza mafupa ndi chikwama ku dambo louma. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinagona ndi mwamuna wangayo nyumba imodzi, koma sindinamusekerenso."

Evaristo anafuna kupukuta thukuta. Potulutsa mpango m'thumba, tinsalu tofiira tinagwera pansi, tonse tisanu.

Floridalma anatiyang'ana, n'kutizindikira.

"Evaristo... Lisandro mwamulozera mbali iti?"

Evaristo ananyamula chigubu cha madzi, natola tinsaluto, n'kutuluka. Palibe anamuletsa, palibenso anamuuza kuti ayende bwino.

Kumapeto kwa mudzi, pamene nkhalango imayambira, kapu ija inali ikumudikira.

Ngwe... ngwe...