Bere Lachisanu la Mphaka wa Atelala

Madzulo amenewo anali ngati ena onse. Mayi atelala anamaliza kupinda diresi la kasitomala n'kuvundikira makina ndi nsalu. Amuna awo anali atapita kale ku bekale, kumene ankagwira ntchito ya usiku. M'nyumba munatsala iwo ndi Batani, mphaka wawo wamkazi.

Koma Batani sabata imeneyo mutu sunkayenda bwino. Ankadzigubuduza pansi, kudzisisita pa miyendo ya tebulo, kutukula mbuyo mchira ataupotolera kumbali. Chakudya ayi. Maso pa chitseko basi.

"Ameneyu akufuna banja, asisi," anatero neba wawo, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatha mabatire. "Muona usiku, zibwenzi zidzaza khonde. Zimalira ngati makanda, zopusazo. Inu mungozithira madzi."

Mawu akuti makandawo anawalasa atelala. Mwana wawo anakhala naye masiku ochepa chabe, chaka chatha, n'kumwalira asanamutche n'komwe dzina. Anthu ankati iwalani, Mulungu apereka wina. Eetu, kuiwala n'kophweka pakamwa pa mnzako. Iwo ankafuna mwana wawo, yemwe uja, osati wina.

Magetsi atazima m'nyumba zoyandikana, phokoso linayamba. Amphaka aamuna awiri pa denga, kulimbirana mkazi, malata gwa! gwa! Batani anakanda zenera la kukhitchini mpaka anapeza mpata, n'kutuluka. Atelala anamva zonse ali pabedi: kulira kokoka kuja, kenako kukuwa kumodzi kwakuthwa kumene wamkazi amakuwa wamwamuna akamamusiya. Kenako zii.

Ndiye kunayamba kulira kwina. Osati pa denga. Pakhomo penipeni, m'munsi mwa chitseko.

Kunali kofooka, kodukizadukiza, kosisima. Mphaka sasisima. Atelala anakhala tsonga. Anamva mabere awo akulemera, akuyabwa, zimene thupi lawo linali litasiya kalekale. Anayenda mumdima mpaka pachitseko. Dzanja linafika pa kiyi, n'kuima.

"Ndi amphaka," anadziuza okha. "Ukatsegula n'kupeza mphaka, mawa uyambiranso kulira ngati chitsiru."

Anatenga jagi ya madzi, anatsegula kazenera ka pambali pa chitseko, n'kukhuthula, khwaa!

Sipanamveke kuthawa. Mphaka ukamuthira madzi amalumpha, amagwetsa zinthu. Apa panamveka kubanika. Kenako kachifuwa kakang'ono, kokho, kokho.

"Mayo ine!"

Kiyi anavuta kutembenuka. Potsegula anapeza khonde lonse litanyowa, kupatula malo amodzi ouma, aakulu ngati pilo. Batani anali atadzipinda mozungulira malowo, khosi lake lili ndi malovu a mphaka wamwamuna uja, akunyambita pamene panalibe kanthu. Anawayang'ana kamodzi n'kupitiriza kunyambita.

Amuna awo pobwera m'mawa anawapeza atakhala pomwepo, bulauzi itanyowa mkaka. Sanafunse. Anangovula jekete n'kuwafunditsa.

Mimba ya mphaka sichedwa, miyezi iwiri yokha. Batani anaberekera m'katoni ya zidutswa za nsalu. Ana anayi, maso otseka, aliyense mtundu wake. AWailesi anaseka mpaka misozi. "Aliyense ndi bambo ake! Koma mtsikana wanuyu ngoyendayenda, asisi!"

Atelala sanaseke. Anali ataona kale chinthu china. Kamphaka kalikonse kamasankha bere lake n'kukakamira lomwelo. Ana anayi, mabere anayi. Koma panali lachisanu, lotupa, lonyowa, ubweya wa m'mbali mwake utagona. Ndipo ana aja poyamwa ankapanikizana, ankakwerana pamutu, koma pamenepo ankasiyapo mpata.

Atakula, anthu anawatenga mmodzimmodzi. Mabere anayi anauma. Lachisanu ayi. Mpaka lero, dzuwa likangolowa, Batani amagona chammbali m'katoni yopanda mwana, akuchita mkonono wake wa chisangalalo, mimba ikugwedera pang'onopang'ono ngati pali timanja tikuifinya. Kwa amuna sanatulukenso, ngakhale alire bwanji pa denga.

Anthu a pamzere wa nyumbazo amanong'ona zosiyanasiyana. Ena amati ndi matenda a mphaka, angopita naye kwa dokotala wa ziweto. AWailesi, amene za kuthira madzi sazitchulanso, amati mwana akagogoda n'kukanizidwa, amalowa pamene papezeka potsegula.

Tsiku lina madzulo, amuna awo a atelala anatopa nazo. Anawerama kuti anyamule katoniyo akaitaye. Atelala anawagwira mkono.

"Musiyeni amalize kuyamwa, bambo," anatero motsitsa mawu.

Anakokera mpando pafupi n'kukhala, manja atawatambasula pamiyendo.

"Akakhuta mwina andikhululukira. Mwina abwera kwa ine."