Njerwa za Nyumba ya Amayi Hellen

Stanislaus Mbewe wa ku Kabushi anali munthu wogogoda njerwa. Pamene agwetsa nyumba yakale mu Ndola, iye amafikapo ndi kahamala kake, n'kumachotsa simenti pa njerwa imodzi imodzi mpaka zala kuchita matuza. Madzulo amabwera Brighton, mnzake wa ku pulayimale, n'kugula mulu wonsewo pa mtengo wa chitumbuwa. Amalongeza njerwazo mu lole pamodzi ndi malata akale, mafelemu ndi zitsulo zowongola, n'kukagulitsa ku Congo kudzera pa boda ya Sakania. Brighton ananenepa mpaka khosi kusowa. Stanislaus akamuona, mtima umamuwawa ngati wameza khala la moto.

Tsiku lina masana anapita ku Mushili kwa a Barnabas, sing'anga wokalamba amene ankakhala m'nyumba yosamaliza, yopanda mawindo.

"Nifuna malole anga, ba Barnabas. Nalema kugogodela ena."

"Malole si vuto," anatero mkuluyo osamuyang'ana. "Mchombo wako unakwiriridwa kuti?"

"Pa nyumba ya amama, ku Kabushi. Pansi pa khomo."

"Akali moyo amako?"

"Ali moyo, mukwai," anayankha mwaulemu.

Apa m'pamene a Barnabas anamwetulira. "Lole iliyonse yodumpha boda izinyamula njerwa imodzi ya nyumba imeneyo. Uzigumula wekha ndi manja ako. Pamene wachotsapo, osatsekapo."

"Njerwa chabe?"

"Njerwa chabe. Zina zili mkati mwake zizipita zokha."

Stanislaus anaseka m'njira monse. Ena amapereka ana, iye njerwa! Kupusa kwa munthu wadyera n'komweko, akamva kutchipa safunsanso kawiri.

Nyumbayo inamangidwa ndi malemu bambo ake akali pa ntchito ku mgodi, ndipo mkati anaipaka penti wobiriwira. Amayi ake, a Hellen, ankakhalamo okha. Stanislaus anasuntha kabati ya mbale iwo ali ku Misa, nagumula njerwa yoyamba, n'kubwezeretsa kabatiyo. Sabata yomweyo munthu wina wa ku Congo anamupatsa oda yaikulu, namulipiriratu. Posakhalitsa anali ndi malole ake, nyumba ku Riverside, dera la olemera, ndipo amene ankamuti "iwe" anayamba kumuti "boss".

Koma a Hellen anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono: pamene aika mchere, tsiku la msonkhano wa amayi a ku tchalitchi. Kenako tsiku lina anaima pakati pa pemphero la Tikuoneni Mariya, limene analidziwa kuyambira ali mtsikana ku Chadiza, n'kungoyang'ana kolona m'manja ngati ya eni. Mwezi wotsatira analoza chithunzi cha amuna awo pa khoma.

"Stani, abambo awa ni andani?"

Stanislaus anakumbukira mawu a sing'anga uja. Anadziwa kuti njerwa iliyonse imapita ndi nzeru za amayi ake. Koma lole zinali zitalongeza kale, ndipo kuseri kwa kabati kunali kutatha, moti anali atayamba kugumula ku chipinda chogona, n'kumaphimba ndi chitenje.

Anayesa kuwasamutsira ku Riverside. Anakana. "Ana anga anabadwira muno. Nichoke niende kuti?" Ndiye anabwerera ku Mushili, thukuta lili kamukamu.

"Ba Barnabas, nifuna kuleka."

"Leka. Nani wakugwira? Ukatenge njerwa zako zonse, uzibweze pamene unazichotsa."

"Zili ku Congo! Zina anamangira, zina anaziphwanya zapita mu msewu."

"Manje ine nichite chani? Wagulitsa ndiwe."

Munthu wanzeru akanaimika malole tsiku lomwelo. Stanislaus anati amalize kaye oda imodzi yokha, kenako ina. Mvula yoyamba itagwa, khoma la kuchipinda linali ngati m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo mphepo ikamadutsa m'mabowomo inkamveka ngati munthu akung'ung'udza nyimbo ya maliro.

M'mawa wina anafika ndi kahamala m'thumba, napeza amayi ake atakhala pansi m'chipindamo, chitenje chija atachichotsa. Pamiyendo anali atafungata njerwa, zikhadabo zili magazi. Anamuyang'ana mwaulemu monga ayang'anira mlendo.

"Abambo, ndimwe ogula njerwa? Tengani iyi, nagumula nekha. Mwana wanga amavutika kubwera kudzaba nikapita ku Misa. Mumuuze asamabisale, nikali kumupatsa. Dzina lake chabe ndiye nayiwala."

Stanislaus anafuna kukuwa kuti "Amama, ndine," koma anangobwerera chambuyo. Anathawira panja, njerwa ija ili m'manja osadziwa kuti waitenga liti. Asanafike pa geti anamva chiphokoso kumbuyo. Khoma linali litagwera mkati, denga pamwamba pake. Anthu atafukula, anawapeza a Hellen atamwalira, ali chikhalire momwemo, manja atatambasula.

Malole anatha imodzi imodzi, nyumba ya ku Riverside inapita. Masiku ano oyendetsa malole a njira ya Sakania amamudziwa munthu wina wovala masanza amene amakwera pa katundu wawo akaima pa boda. Amatembenuza njerwa iliyonse kufunafuna penti wobiriwira. Akaipeza amaiika pa khutu, n'kumvetsera nthawi yaitali, kenako amafunsa motsitsa mawu, "Amama, mwanikumbuka?" Madalaivala samuthamangitsa. Ena amati nawonso anamvapo mawu a mayi akupemphera pansi pa tenti yophimba katundu.

Dyera ndi loipa, abale. Chuma cha mankhwala chimapempha kanthu kooneka kakang'ono, koma chimene chimatenga ndi munthu amene amakukonda koposa, ndipo sichibweza.