Diresi Losatha Kuyesa

Malonda okoma mokayikitsa anabwera nawo ndi wometa tsitsi wa khomo loyandikana. "Chikhululuko n'chaulere, mphwanga," anauza mwana wa telala. "Uchimwa Lachisanu, ulapa Lamlungu. Waluza chiyani pamenepo?"

Mnyamatayo anakulira m'nyumba yopemphera, pakati pa makina awiri osokera. Bambo ake anali ndi lamulo limodzi: poyeza mkazi chitseko chizikhala chotsegula, ndipo tepi ya pachifuwa azigwira mwiniwake.

"Chilakolako anachilenga ndi Mulungu, si chonyansa ayi," ankatero bambowo. "Koma kwawo ndi m'banja, osati kuseri kwa katani."

Mnyamatayo anali ndi mnzake wa ku kwaya kuyambira ali ana, mtsikana wophunzira unamwino. Ankaitanana achimwene ndi achemwali. Mayi a mnyamatayo atadwala, ankawasambitsa ndi mtsikanayu.

Tsiku lina anabweretsa nsalu ya diresi loti adzavale pomaliza maphunziro. Bambo anali atapita kogula ulusi. Mnyamatayo anakankha chitseko ndi phazi.

"Achimwene, mwatsekeranji?"

"Fumbi, achemwali."

Kunja kunali kutangogwa mvula. Onse awiri ankadziwa, koma palibe anatsegula.

Diresi la masiku atatu linatha miyezi inayi likuyesedwa. Lamlungu mnyamatayo ankalapa mpaka misozi. Pofika Lachisanu ankapeza kuti mkono wina sunakhale bwino.

Bambo anatopa nazo. "Bwera nalo kuno ndimalize ndekha."

Anamuyeza mtsikanayo m'chiuno, nayang'ana m'kabuku ka miyeso, nayezanso. Kenako anavula magalasi.

"Mwanawe, tepi yanga siinama. Amayi ako akudziwa?"

Mtsikanayo anatembenukira kwa mnzake uja. "Achimwene?"

Achimwenewo anali kalikiliki kusakasaka singano pansi. Sanadzutse mutu.

Patapita nthawi analapadi moona, ndipo Mulungu anamukhululukira. Pokhapo wometa sananame. Chimene sananene n'chakuti chikhululuko sichibweza zimene tchimo ladya. Achinyamata inu, mnzanu amene mumamukonda musamuyese katundu wongolawa, chifukwa chikondi chenicheni chimasunga mnzake.

Wometa sanalipire kanthu, akumetabe. Mnyamatayo analipira ndi bwenzi lokhalo limene anali nalo: akakumana pa nkhani za mwana wawo, mtsikanayo amangomutchula kuti "a telala". Koma mtengo waukulu unagwera mtsikanayo, amene anasiya zaka zitatu za unamwino kutangotsala miyezi iwiri.