Dzanja Lachiwiri la Mpunga

Pakhomo pa Pi Rokimi, ndiye kuti Mayi Rokimi m'chilankhulo chathu, mpunga sunkalowa mumphika Mulungu asanalandire wake. M'mawa ndi madzulo, akayeza wophika, mayiwa ankatapako dzanja limodzi n'kuthira m'chitini chapambali pa moto, monga amachitira mayi aliyense wopemphera kwathu kuno kumapiri a Mizoram. Loweruka mpunga wa Ambuyewo umasonkhanitsidwa khomo ndi khomo, amayi ampingo n'kuugulitsa motchipa kwa osowa, ndalama zake n'kuthandizira alaliki akutali ndi ana amasiye. Pi Rokimi anasenza dengu la nyumba khumi ndi zinayi kwa zaka makumi awiri, ndipo palibe anamvapo kuti njere yasowa.

Mwana wawo wamkazi, Zorini, anakulira momwemo. Ankaimba kwaya, mavesi ali pamtima, ndipo bambo ake, kalipentala wosalankhulalankhula, sanamusowetsepo chovala kapena kope. Ndikunena izi kuti wina asadzati mtsikanayu anachita kutumidwa ndi njala.

Mawondo a Pi Rokimi atayamba kutupa, masitepe a mudzi wathu, amene amatopetsa ndi anyamata omwe, anawakanika. Anaitana Zorini, apo n'kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kumukoleka lamba wa dengu pamphumi.

"Mpunga uwu si wathu, si wa abusa," anatero mayi akewo. "Nyumba zina dzanja limeneli amachita kulichotsa pakamwa pa ana. Ukagwetsa njere, uitole."

"Ndamva, amayi. Mukundiona ngati kamwana?"

Pomwe masitepe amakumana ndi msewu panali kanyumba ka Sawmtei, mayi wachitsikana wogulitsa tiyi ndi mpunga wophikaphika kwa madalaivala. Pakamwa pake panali potsekemera kuposa tiyi wakeyo.

"Tula kaye, mng'ono wanga, khosi lingathyoke," anatero Loweruka lachitatu. "Koma abale, namwali wooneka bwino chonchi kumuyendetsa ndi mapatapata a amake? Anzako akujambulitsa atavala nsapato za mumzinda wa Aizawl, iwe uli wefuwefu ngati bulu wa mpingo."

"Ndi ntchito ya Mulungu, achemwali."

"Ndiye Mulunguyo wantchito wake samulipira? Thira mbale ziwiri apa ndikupatse ya sopo. Mpunga sulembedwa dzina. Ukasakanikirana, ndani angati uwu ngwa uje?"

Zorini anathira. Loweruka lotsatira anathiranso osaganiza kawiri. Mbale ziwiri zinasanduka zisanu, ndipo mwezi usanathe anali ndi nsapato zofiira zazitali chidendene, nati wabwereka kwa mnzake wa kusukulu.

"Zobwereka zimabwezedwa, kabweze," anatero mayi ake.

Bambo ake analankhula kamodzi kokha, maso ali pathabwa limene ankapala. "Pa kanyumba ka tiyi paja ndakuonapo kawiri. Wamalonda sapatsa munthu mpando waulere."

Zorini anangoti bambo ake akalamba, sakudziwa mmene dziko likuyendera.

Amayi amene amalandira mpunga kutchalitchi safuna sikelo kuti adziwe dengu lopepuka. Pi Biaki, mtsogoleri wa amayi, analinyamula ndi dzanja limodzi n'kumuyang'ana mtsikanayo.

"Dengu la amako tinkalitula anthu awiri. Kwagwanji kumtunda kwanuko?"

Apa ndi pomwe khomo lolapa linali chitsegukire. Akanangolira n'kuulula, akanamukalipira, bambo ake akanabweza mpungawo, nkhani n'kuthera m'chipinda chomwecho. Koma Zorini anayendetsa maganizo m'nyumba khumi ndi zinayi zija kufunafuna munthu wopanda womuikira kumbuyo, ndipo anamupeza. Kumapeto kwenikweni kwa masitepe kunkakhala Pi Darkungi, gogo wamasiye woluka nsalu, wopanda mwana, wopanda mlongo.

"Nyumba zingapo zafooka," anatero mwaulemu, maso pansi. "Koma kwa Pi Darkungi ndiye mwezi wathunthu m'chitini mulibe ndi njere yomwe. Ndimangochita manyazi kunena."

Kwathu kuno wobwerera m'mbuyo sitimukalipira ayi. Timapita kunyumba kwake masana, kukamuimbira nyimbo ndi kumupempherera, ndipo nyimbo imeneyo imawawa kuposa ndodo chifukwa mudzi wonse umaimva. Anapita amayi anayi. Pi Rokimi nawo anadzikoka ndi ndodo mpaka pamwamba, poti nyumbayo inali ya m'dera lawo ndipo ankaona kuti mlanduwo ukuwakhudza.

Atatha kuimba, Pi Biaki anati, "Tabwera kudzakulimbikitsani, agogo. Chikondi chikayamba kuzirala, chimaonekera m'chitini. Mwana wa Rokimi akuti mwezi wonse akubwerera chimanjamanja pakhomo pano."

Gogoyo anayang'ana chitini chake, kenako anayang'ana Pi Rokimi ndi mawondo awo otupawo, kwa nthawi yaitali.

"Ndamva," anatero. "Ndiyesetsa."

Kuyambira tsiku limenelo anachoka pa benchi yake yakutsogolo n'kumakhala pafupi ndi khomo. Azimayi amene anawaphunzitsa kuluka ali atsikana ankagundana zigongono akamadutsa, n'kumati gogo uja wayamba kudyera Mulungu mpunga wake. Patapita masabata atatu analekeratu kubwera kutchalitchi.

Loweruka lotsatira ulendo wa amayi uja, Zorini anafika pakhomo pa gogoyo mtima uli m'mwamba. Gogoyo sanamufunse kanthu. Anatulutsa chitini chodzaza mpaka pakamwa, kuwirikiza wa masiku onse, n'kukhuthulira yekha m'dengu.

"Uyende bwino, mwana wanga, masitepe akuterera," anatero.

Zorini sanali wopusa. Ankadziwa kuti mayi wokhala yekha, wodya kawiri patsiku, sangadzaze chitini chotero popanda kudzimana. Anaima pang'ono panja, misozi ikulengeza. Ndipo tsiku lomwelo, ndikulemba izi mtima ukundiwira, anatsika masitepe n'kukatula dengu kwa Sawmtei, chifukwa nsapato zofiira zija zinkafuna kachikwama kofanana nazo. Kutchalitchi atamufunsa za gogoyo, anati, "Akuyesako pang'ono."

Zinayenda choncho miyezi itatu, mvula ili mkati. Tsiku lina m'mawa mayi woyandikana naye nyumba anamupeza Pi Darkungi atagwa pakhomo, thupi likutentha. Amayi anathamangira kukathandiza monga mwa mwambo, wina kutunga madzi, wina kukoleza moto. Pi Rokimi anatsegula mtsuko wa mpunga kuti aphike phala, ndipo dzanja lawo linakanda pansi. Pambali pake chitini cha Ambuye chinali chodzaza kale, pomwe linali Lachitatu chabe.

"Amaphika dzanja limodzi, awiri n'kuthira m'chitinimo," anatero woyandikana nayeyo. "Ndawaletsa mpaka kutopa. Ndipo ine chikhalire pano, chitini ichi sindinachionepo chopanda kanthu. Tsiku munabwera kudzaimba lija ndinangodabwa, koma ndinati kaya akuluakulu akudziwa zawo."

Pi Rokimi anavundikira mtsukowo. Anatenga ndodo yawo n'kutsika masitepe onse mpaka kumsewu, akuluma mano, kenako n'kukwera kubwerera kwawo. Anamupeza Zorini akupesa tsitsi.

"Vula nsapatozo."

"Amayi, ndinati n'zobwereka kwa..."

"Ndachokera kwa Sawmtei. Ukudziwa zomwe wandiuza mnzako wokupatsa mpandoyo, pamaso pa madalaivala? Akuti iye amangogula, safunsa komwe mpunga wachokera, ndipo ndiwe umamukakamiza. Akuti ndiphunzitse mwana wanga mwambo." Mawu awo sanakwere. "Unandikweza phiri ndi mawondo awa kuti ndikaimbire nyimbo munthu wosalakwa. Unandiika bodza lako pakamwa, ine n'kukalipemphera m'dzina la Yesu. Tiye."

Anakwera naye wopanda nsapato, anthu akusuzumira m'mazenera. Zorini anagwada pambali pa bedi la gogoyo.

"Agogo, ndinakunamizirani. Mpunga wanu ndinkagulitsa ndine."

"Ndinkadziwa," anatero gogoyo motsitsa. "Pakhonde langa msewu umaoneka wonse. Ndinkakuona ukulowa ndi dengu lodzaza, n'kutuluka nalo litachepa."

"Nanga bwanji simunanene, agogo?" anafunsa Pi Rokimi, misozi ili chuchuchu.

"Ndikanatchula mwana wako pamaso pa Biaki, ukanayenda bwanji m'mudzi muno, Rokimi? Ine zanga zinatha kale, ndilibe mwana woti adzachite manyazi ndi dzina langa. Ndinati mwina mwanayu abwerera yekha." Anapuma kaye, n'kutembenuzira nkhope kwa mtsikanayo. "Ndinkathira manja awiri kuti iwe ukatengapo lako, la Ambuye lifikebe. Kodi linkafika?"

Zorini anayang'ana pansi. Bodza linamuthera, ndipo choonadi sichinali choti n'kuuza munthu wodwala.

Pi Darkungi anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Adokotala anati ndi chibayo chimene chinapeza thupi lofooka kale. Sindinena kuti Zorini anamupha, pakuti masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu. Koma gogo amene anapemphera mumpingo muno zaka makumi asanu anathera miyezi yake yomaliza ali ndi njala, akutchedwa wakuba, osayandikira mgonero wa Ambuye. Ndipo ife amene tinakhulupirira msanga chifukwa wonenedwayo anali wosauka, tisasambe m'manja.

Lamlungu lotsatira Pi Rokimi anaika dengu patsogolo pa amayi onse n'kunena kuti sadzalisenzanso, iwo kapena wa m'nyumba mwawo. Zorini anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, osabisa kanthu. Akulu ampingo anamuimika kwaya ndi mgonero kwa chaka, kenako anamulandiranso, chifukwa Khristu satsekera khomo wolapa. Mpunga wonse bambo ake anabweza. Chimene sichinabwezeke ndi yankho la funso la gogo lija, ndipo mpaka lero Zorini akamatapa dzanja lake la mpunga pophika, amayamba walira.

Anyamata ndi atsikana, mverani. Chimene mwapatsidwa kuti musenzere Mulungu musachitapeko, ngakhale palibe wokuonani. Kuba sikuyenda kokha, kumaitana bodza, ndipo bodza limasankha munthu wofooka woti limugwere. Mukalakwa, ululani lero lomwe, pamene wolakwiridwayo akadali ndi mphamvu zoimirira pakati pa anzake n'kumva dzina lake likuyeretsedwa. Mulungu amakhululukira wolapa mochedwa, koma munthu amene munamudyera chakudya chake sadzuka m'manda kuti adzadye chimene mwabweza.